Chinjira Chili ndi Abale Ake Dziko Lonse

Pali sayansi ina yomwe yanditenga mtima miyezi yapitayi, moti anzanga akuntchito akangondiona ndikubwera ndi buku kukhwapa amayamba kupeza zochita. Amaitcha anthropology, ndipo ntchito yake ndi kufufuza munthu: komwe anachokera, momwe amakhalira ndi anzake, zomwe amalumbira ndi zomwe amaopa. Kusukulu sindinaikhudzeko n'komwe. Chomwe chandikokera kumeneko ukulu uno ndi nkhani imodzi, ya anthu awiri omwe si pachibale, si pabanja, si pachibwenzi, koma amalonjezana pamaso pa mboni kuti sadzatayana mpaka kumanda. Ambiri zoterezi timangozidziwira kwa Davide ndi Jonatani a m'Baibulo. Koma zili ponseponse, zili ndi mayina ake, miyambo yake ndi zilango zake, ndipo zina zili pakhomo pathu pomwe pano.

Ndinayambira kwa munthu yemwe tonse timamudziwa. M'buku lake la 1857, David Livingstone anafotokoza mwambo wotchedwa kasendi, womwe anauona pakati pa Alunda kumtunda kwa Zambezi pobwerera kuchokera ku Luanda. Olowa panganolo anali Pitsane, mmodzi mwa Amakololo omwe ankayenda naye, ndi Sambanza, mwamuna wa mfumu yaikazi Manenko. Awiriwo anagwirana manja. Anawatema timphini pamanja, pamimba, patsaya lakumanja ndi pamphumi. Magaziwo anawatapa ndi kaudzu n'kuwathira m'miphika iwiri ya mowa, a uyu mwake, a uyu mwake, kenako aliyense anamwa mowa wokhala ndi magazi a mnzake. Anamaliza ndi kupatsana zinthu zamtengo wapatali zomwe anali nazo. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense anasenza udindo wotsina khutu mnzake pa choopsa chilichonse. Tanthauzo lake linali lakuti Amakololo akanakonza zokathira nkhondo Alunda, Pitsane anayenera kuuza Sambanza kuti athawe. Taganizani: pangano la anthu awiri kuposa lamulo la mfumu yako.

Livingstone mwiniwakeyo anagweramo mosayembekezera. Tsiku lina akuchotsa chotupa pamkono pa mtsikana wina, magazi anamuwazikira m'diso. Mtsikanayo sanaone ngozi, anaona ubale, ndipo anamuuza kuti akadzadutsanso kumeneko adzatumize mawu kuti amuphikire.

Ku Uganda, kwa Abanyoro ndi Abaganda, ankagwiritsa ntchito khofi. Chipatso cha khofi chimakhala ndi njere ziwiri zogonerana m'kati mwake. Ankachiswa, aliyense n'kutenga njere imodzi, kuipaka magazi ochokera pamimba pake, n'kumupatsa mnzake kuti adye. Pangano limeneli amalitcha omukago. Ndinenepo msanga kuti zomwerana magazizi tizisiye m'mabuku momwemo. Masiku ano a HIV ndi matenda a chiwindi palibe woti n'kuyeserera. Chomwe chandikoka ine si lumo kapena mphini, koma funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu otalikirana chotere, osadziwana, anafika pa nzeru imodzi.

Yankho loyamba ndinalipeza kwa E. E. Evans-Pritchard, katswiri wa ku Britain yemwe anakhala pakati pa Azande kum'mwera kwa Sudan, ndipo mu 1933 analemba za pangano lawo la magazi. Azungu ambiri asanabwere iye ankati mwambowu umangosandutsa mlendo kukhala mbale. Iye anakana. Anati taonani momwe awiriwo amakhalira: amanyozana mocheza pagulu, amasekana, amapemphana zinthu osachita manyazi. Ndi mbale wako weniweni sungatero. Pachibale pali wamkulu ndi wamng'ono, pali wolamula ndi womvera, pomwe awiri a pangano ndi ofanana msinkhu ngakhale wina akhale ndi imvi. Komanso chibale sichiyendera khalidwe. Achimwene akakhala ouma mtima amakhala achimwenebe. Pangano la magazi limayendera mfundo zomwe mwagwirizana, ndipo Azande ankakhulupirira kuti magazi a mnzakowo amakhala tcheru m'mimba mwako, okonzeka kukudwalitsa tsiku lomwe udzamupereke.

Mfundo imeneyi inandilowa msanga chifukwa tonse timaidziwa, kungoti sitiitchula. Pali nkhani zomwe sungakambe ndi mchemwali wako, osati chifukwa sakukonda, koma chifukwa nayenso nkhaniyo ikumukhudza. Munda womwe mukulimbirana ndi wake womwe. Amalume omwe akukusowetsa tulo ndi amalume ake omwe. Ukamuuza za mwamuna wako lero, mawa nkhani yafika kwa ankhoswe. Munthu wochita kusankha alibe gawo pa chuma cha pamudzi panu, alibe mbali pa mikangano ya mbumba yanu. N'chifukwa chake ungamukhuthulire zonse.

Yankho lachiwiri ndi la m'mimba. Abale nthawi zambiri amakhala pamalo amodzi, amalima nthaka imodzi, amadikira mvula imodzi. Chilala chikagwa chimawapeza onse pamodzi, ndipo wopempha ndi wopemphedwa onse nkhokwe zili mbee. Polly Wiessner, yemwe anakhala ndi a Ju/'hoansi a m'chipululu cha Kalahari ku Botswana m'zaka za m'ma 1970, anafufuza mwambo wawo wotchedwa hxaro. Munthu amasankha anzake opatsana nawo mphatso: mikanda yopangidwa ndi zikamba za mazira a nthiwatiwa, mivi, mipeni, mabulangete. Ena mwa anzakewo ndi abale, ena ayi. Nthawi imeneyo munthu wamkulu ankakhala nawo pafupifupi 16, ndipo ena ankakhala kutali mpaka makilomita 200. Mphatso siibwezedwa tsiku lomwelo, pakuti kubweza msanga kumaoneka ngati ukufuna muthane. Umadikira miyezi, mwina chaka. Wiessner anaona yekha phindu lake chaka chomwe mtedza wa mongongo unakanika pamalo pomwe ankakhala. Anthu sanayambe ndi kulira njala. Anayamba kukamba za anzawo akutali aja, kuti awasowa, kuti papita nthawi asanaonane. Kenako anakhala pansi kulunga mikanda. Posakhalitsa mabanja ambiri ananyamuka kukacheza komwe kunali chakudya, ndipo kumeneko anawalandira monga alendo oyembekezeka, osati monga opemphetsa. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika. A Ju/'hoansi anadziwanso kuti poika usamaike pamalo amodzi.

Amasai a ku Kenya ndi Tanzania ali ndi osotua, womwe Lee Cronk wa ku yunivesite ya Rutgers waufufuza kwa zaka zambiri. Malamulo ake ndi awiri: usapemphe usanavutikedi, ndipo mnzako akakupempha upereke ngati uli nazo. Palibe ngongole, palibe kuwerengerana ng'ombe. Wina akhoza kumangopereka moyo wake wonse osalandirapo kanthu, ndipo sipakhala mlandu. Panganolo limatha kupitirira mpaka kwa ana.

Ndili m'kati mowerenga zonsezi, ndinakumana ndi dzina la kwathu. Mu 1983 Megan Vaughan, katswiri wa mbiri yakale yemwe anaphunzitsapo ku Chancellor College ku Zomba, analemba mu Journal of African History kuti wofuna kumvetsa momwe amayi a kum'mwera kwa Malawi amapulumukira pamavuto asamangoyang'ana banja ndi mbumba. Ayang'anenso chinjira: ubwenzi wa amayi awiri osakhala pachibale, wodziwika kwa onse, wokhala ndi udindo pa matenda, pa maliro, pa ukwati ndi pa usiwa. Ndinaika pepalalo pansi n'kuyamba kuseka ndekha. Chinthu chomwe ndakhala ndikuchisaka ku Kalahari ndi ku Sudan chinkabwera kwathu mwezi uliwonse, dengu lili pamutu.

Agogo anga aakazi anali ndi anjira awo. Ife ana sitinkadziwa n'komwe dzina la mayiwo; tinkangoti Anjira, monga momwe agogo ankawaitanira, ndipo iwonso ankaitana agogo chimodzimodzi. Ankachokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo amuna awo ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Pobwera ankatenga zogula ndi ndalama: shuga, sopo, mchere, nthawi zina chitenje chofanana ndi chomwe avala. Pobwerera ankasenza za kumunda: ufa, nandolo, chinangwa, mwina nkhuku itamangidwa miyendo. Khomo lina linali ndi malipiro a pamwezi koma munda wochepa, lina linali ndi nkhokwe koma lopanda khobidi. Nthawi imeneyo ndinkangoona amayi awiri okonda kucheza. Lero ndikuona kuti makomo awiriwo sakanagwa chaka chimodzi.

Koma chomwe sichichoka m'maso mwanga ndi tsiku lomwe agogo aamuna anatisiya. Anjira anafika kusanache, ufa pamutu, mtolo wa nkhuni utasenzedwa ndi mdzukulu wawo. Sanalonjere munthu. Analowa m'nyumba ya siwa n'kukakhala kumbuyo kwa agogo, miyendo atatambasula, kuti agogo awatsamire. Ndalama za chipepeso zomwe amayi ankapereka m'manja mwa agogo ankazilandira ndi iwo n'kumazimanga pansonga ya chitenje, ndipo palibe wachibale anafunsa kuti zikupita kuti. Tsiku lachiwiri agogo akukana chakudya, ana awo onse atalephera kuwanyengerera, Anjira anabwera ndi phala m'kambale n'kunena mosanyengerera konse: "Anjira, imwani phalali. Mukafa ndi njala ine nditsala ndi yani?" Agogo anamwa. Mayiwo sanabwerere kwawo mpaka tsiku lometa.

Abale athu okhala ku Zimbabwe akudziwa bwino sahwira wa Ashona, yemwe amapitirira pamenepa. Sahwira si wachibale, koma ndiye amasamalira thupi la mnzake akamwalira, ndipo pamaliro pomwepo ali ndi ufulu wovala zovala za malemu, kuyerekeza kayendedwe kawo, kuseketsa anamfedwa ndi kunena poyera zomwe abale akubisa. Banja likayambana, iye amatha kudzudzula wamkulu ndi wamng'ono yemwe popanda womuimba mlandu. Ku Nepal ubwenzi wa pangano amautcha miteri. Ku China, m'boma la Jiangyong ku Hunan, atsikana awiri ankawalumikiza akadali aang'ono kuti akhale laotong moyo wawo wonse, ndipo atakwatiwa kumidzi yosiyana ankalemberana m'zilembo za nüshu, zomwe ankazigwiritsa ntchito amayi okhaokha.

Pena ndinayamba kukayika kuti mwina ndikungotengeka ndi nkhani zokoma. Ndiye ndinapita kwa omwe amawerenga manambala, ndipo ananditengera kwa anyani. Ku Amboseli ku Kenya akatswiri akhala akutsatira magulu a anyani kuyambira 1971, aliyense ndi dzina lake. Mu 2003 Joan Silk, Susan Alberts ndi Jeanne Altmann anaonetsa kuti anyani aakazi omwe amakhala pafupi ndi anzawo n'kumatosana nthata m'ubweya, ana awo amapulumuka kwambiri chaka choyamba kuposa ana a anyani odzipatula. Ku Moremi ku Botswana anapezanso mu 2010 kuti aakazi okhala ndi anzawo okhazikika, omwewomwewo chaka ndi chaka, amakhala moyo wautali. Kunena zoona, anyani ambiri amasankha mayi, mwana kapena mchemwali wawo. Koma wachibale akagwidwa ndi mkango kapena kambuku, wotsalayo amayamba kufunafuna ena otosana nawo, ndipo zizindikiro za nkhawa m'thupi mwake zimatsika. Kufuna munthu wako si ulesi kapena kufooka. Thupi limachita kufuna.

Kwa anthu nkhani ndi yomweyo. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, n'kupeza kuti omwe ali ndi maubale olimba, kaya a m'banja kaya a kunja, mwayi wawo wokhalabe ndi moyo pa zaka zomwe ankawatsatira unali wokwera ndi 50 peresenti. Robin Dunbar wa ku Oxford amati munthu amatha kusunga anthu pafupifupi 150 omwe amawadziwadi, koma a pamtima penipeni amakhala asanu kapena chapompo. Ndipo Jeffrey Hall wa ku yunivesite ya Kansas anayerekeza mu 2018 kuti pamafunika maola oposa 200 muli limodzi kuti munthu akhale mnzako wa pamtima. Agogo ndi Anjira maola amenewo ankawakwanitsa nyengo imodzi yokolola. Ife a m'tauni, ndi mafoni athuwa, tikhoza kutha zaka.

Sindikufuna kukunamizani kuti pangano lililonse linasungidwa. Temüjin, yemwe anadzakhala Chinggis Khan, analumbirirana ndi Jamukha ali anyamata m'mbali mwa mtsinje wa Onon kuti ndi anda, abale a pangano. Atakula analimbirana ufumu, ndipo Jamukha anafa molamulidwa ndi mnzake yemweyo. Henry Morton Stanley anachita pangano la magazi ndi Mirambo, mfumu ya Anyamwezi, mu 1876, ndipo anabwereza mwambowu ndi mafumu ambiri m'mbali mwa mtsinje wa Congo, dera lomwe anadzalitsegulira Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Mafumuwo ankaona ngati apeza mbale. Iye ankaona njira yodutsira. Komatu wachinyengo amanamizira chinthu chomwe anthu amachikhulupirira. Stanley sakanalola kutemedwa mphini kangapo konse panganolo likanakhala lamasewera.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti Azungu nawonso anali nacho chinjira chawo. Matchalitchi a ku Byzantium anali ndi pemphero lapadera lodalitsira anthu awiri ofuna kukhala abale a pangano. Alan Bray, m'buku lake The Friend la 2003, anatsatira manda a ku England momwe abwenzi awiri anaikidwa pamodzi. Mu mzinda wa Istanbul muli mwala wa pamanda wa Sir William Neville ndi Sir John Clanvowe, ankhondo a ku England omwe anamwalira motsatizana mu Okutobala 1391. Wosema anajambula zisoti zawo zankhondo zitayang'anizana, ndipo pa zishango zawo anaphatikiza zizindikiro za mabanja onse awiri. Kadinala John Henry Newman, yemwe Mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala woyera mu 2019, anaumirira kuti adzaikidwe m'manda amodzi ndi Bambo Ambrose St John, mnzake yemwe anakhala naye zaka zoposa 30, ndipo mu 1890 zinachitikadi ku Rednal pafupi ndi Birmingham. Kenako pang'onopang'ono mwambowu unazilala kwawoko, ukwati n'kutsala wokha monga pangano lomwe boma ndi mpingo zimalidziwa. Maganizo amenewo ndi omwe anabwera kuno pamodzi ndi mafomu awo.

Ndipo tawameza. Lero mwamuna kapena mkazi wako akuyembekezeka kukhala zonse: wokondedwa, mlangizi, wosunga zinsinsi, wokusekesa, wokudwazika. Katundu ameneyu ndi wolemera kwa munthu mmodzi, ndipo mabanja ena akuphwasuka naye. Amuna awiri akamayenda limodzi kwambiri, anthu amayamba kunong'ona. Mwamuna ndi mkazi akati ndife abwenzi chabe, palibe wokhulupirira. Mayi wokwatiwa akamapita kwa mnzake pafupipafupi, akuti akukaphunzira mwano. Chonsecho pa maukwati athu timakonda kuwerenga lonjezo lija la m'buku la Rute losasiyana mpaka imfa, osakumbukira kuti mawuwo sanachokere kwa mkwatibwi kupita kwa mkwati. Anali a mkazi wamasiye kwa apongozi ake Naomi, pa nthawi yomwe panalibenso chowamanga pamodzi kupatula kufuna kwake.

Mayiko ena ayamba kubwerera. Ku Belgium, kuyambira 2000, anthu awiri okhala nyumba imodzi akhoza kukalembetsa ku boma ngakhale asakhale pachikondi, kaya ndi abwenzi kaya ndi pachibale. Chigawo cha Alberta ku Canada chili ndi lamulo lofanana nalo kuyambira 2003. Iwo akuchita kulemba m'malamulo chomwe ife midzi yathu inali nacho kale, mfumu ndi mbumba zonse zikudziwa kuti awa ndi anjira a uje. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi mboni zinalipo, pomwe m'tauni ubwenzi wotere umadziwika kwa eni ake awiri okha. Tsiku la tsoka abale amafika kuchokera kumudzi, n'kumufunsa munthu yemwe wakugonera kuchipatala miyezi itatu kuti, "Kodi inu ndinu ndani?"

Lamulo la Malawi la 2011 loona za chuma cha masiye limati munthu akamwalira osalemba wilo, katundu wake amapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi achibale ena. Anjira mulibemo. Choncho ngati muli naye wanu wa ponda apa nane m'pondepo, kamuonetseni kwa abale anu mudakali moyo, amudziwe nkhope ndi udindo wake. Mukamalemba fomu kuchipatala kapena kuntchito, funsani ngati mungaonjezere dzina lake pa anthu oti adziwitsidwe zikavuta. Ndipo ngati pali chomwe mukufuna adzatenge, kaya ndi makina osokera kaya ndi mbuzi ziwiri, lembani wilo pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizikulandirapo kanthu, dzina lake lioneke bwinobwino.